Phazi la a Kalachi Linachedwa

Dzina lakuti a Kalachi anawapatsa ndi ophunzira awo. Pa sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto imene ankagwirapo ntchito, liwu limene linkatuluka m'kamwa mwawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka linali lomwelo: "Kalachi! Pondani kalachi, mukuitsamwitsa galimoto!" Dzinalo linawakanirira, moti ngakhale akazi awo akafuna kuwaseka ankati, "Tadzukani a Kalachi, tiyi akuzizira."

Anali bambo wamfupi, wadazi, wofatsa. Asanayambe kuphunzitsa anayendetsapo malole zaka zambirimbiri, ndipo msana utayamba kuwavuta anatsika n'kukakhala pa mpando wapambali. Galimoto ya sukuluyo inali yaing'ono, yoyera, yokhala ndi zopondera buleki ziwiri, china cha wophunzira, china cha mphunzitsi. Pamenepo ndi pamene panali kunyada kwawo konse. Wophunzira wamantha ankamuuza kuti, "Inu gwirani chiwongolero basi. Zikavuta, phazi langa lilipo." Ndipo linalipodi. Anaphunzitsa azimayi onjenjemera, anyamata odzimva, azibusa, ngakhale agogo ena amene ankatseka maso akaona basi ikubwera, koma galimoto yawo sinakhudzepo munthu.

Sanali chidakwa. Lachisanu akaweruka ankamwa mabotolo awiri, n'kubwerera kunyumba ana asanagone. Koma Lachisanu lina kunatulukira mnzawo wakale wa kumalole, amene anasiyana naye kalekale. Nkhani zinachuluka, mabotolo awiri anabala ena, kenaka patebulo panafika mowa waukali uja wothira m'timatambula. A Kalachi anafika pakhomo atambala ali pafupi kulira.

M'mawa anasamba madzi ozizira, anatsuka mano kawiri, anamwa tiyi wowawa wopanda mkaka. Akazi awo, amene anali telala, anali atakhala kale pa makina awo pakhonde. Anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, maso anuwo mwawaona? Imbani foni munene kuti lero simubwera."

"Ndagona, ndasamba, ndamwa tiyi. Mowa wa dzulo unatsala dzulo, mayi."

"Mukanunkhe kwa eni ake."

"Ndi matsire chabe awa," anatero a Kalachi akumanga nsapato.

Wophunzira wa m'mawa umenewo anali namwino, mayi wachikulire ndithu, amene ankapeza mpata Loweruka lokha. Ankagwira chiwongolero ngati wagwira mwana wakhanda. Anayenda bwinobwino m'timisewu ta kuseri, kenaka a Kalachi anati alowe mumsewu wotsetsereka wopita kumsika. Kutsogolo kwawo kunali bambo wina pa njinga, atamangirira chitseko chatsopano kumbuyo. Bamboyo anazemba dzenje n'kulowera pakati pa msewu. Namwino anadzidzimuka, ndipo m'malo moponda buleki anaponda moto.

Zimenezi ophunzira amachita sabata ndi sabata, ndipo a Kalachi ankazigwira asanaziganize n'komwe. Tsiku limenelo maso anaona, mutu unati ponda, koma phazi linanyamuka ngati likuzuka m'matope. Pamene linkafika pa buleki, galimoto inali itagunda kale. Chitseko chinauluka, njinga inalowa pansi, munthu anagwera cha kumbali akukuwa.

Namwino anatuluka akulira, koma manja ake ankadziwa ntchito yawo. Anagwada, anang'amba buluku la munthuyo, anamanga mwendo ndi thabwa lothyoka la chitseko chomwecho. Munthuyo anali kalipentala, ndipo mwendo unali utathyoka pawiri. Galimoto ina yodutsa inawatenga onse awiri kupita kuchipatala. A Kalachi anatsala pamalopo, anthu atawazungulira, wina akuti wophunzira ndiye wolakwa, wina akuti wanjinga, wina akungojambula ndi foni.

Apolisi anachedwa kufika. Atafika anayeza msewu, analemba zolemba zawo, ndipo mmodzi atayandikira kuti afunse laisensi anakwinya mphuno.

"Akulu, mwalawako?"

"Dzulo, bwana. Lero ayi."

"Mukafotokoza kupolisi. Makina oyezera mowa ali komweko."

Pamene ankalowa m'kachipinda ka makinawo, panali patadutsa maola awiri chichitikire ngozi. Munali tebulo, benchi, wotchi ya pakhoma ndi sajeni wamkazi wa nkhope yosaseka. Sajeniyo anawapatsa kapaipi.

"Uzirani mpaka ndinene kuti basi."

Anauzira mpaka m'makutu munalira. Makina analira, n'kuonetsa 24.

"Malire ndi angati, bwana?"

"35."

Mtima wa a Kalachi, umene unali m'mwamba chiyambire m'mawa, unatsika. Anatsala pang'ono kuseka. Sajeni anayang'ana wotchi, analemba nthawi, n'kuwalozera benchi.

"Musamwetulire msanga, bambo. Khalani apo."

Anakhala. Sanawapatse madzi, sanawalole kutuluka. Ola litakwana anawauziritsanso, ndipo makina anaonetsa 17.

"Mwaona, bwana? Ukutsika!"

"Ndaona," anatero sajeni. "Chinthu chikamatsika ndiye kuti chachokera pamwamba. Ife sitikufuna za pano. Tikufuna za nthawi imene munthu uja ankagundidwa. Manambala awa apita ku labu, akawerengere chobwerera m'mbuyo."

Apa ndi pamene kumwetulira kwa a Kalachi kunathera.

Anatuluka pa belo madzulo a tsiku lomwelo. Milandu inali iwiri: kuyang'anira wophunzira mowa utapyola malire, ndi kulephera kusamala pa ntchito yoyang'anirayo. Mwini sukulu anati ayambe akhala kunyumba mpaka khothi ligamule.

Lamulungu kunabwera alamu awo, mchimwene wa akazi awo. Mkuluyu anali ndi kashopu kojambula mapepala pafupi ndi khothi, ndipo chifukwa chomva milandu pawindo zaka zonsezi ankadzitenga ngati loya wosavala mkanjo. Anakhala pampando wabwino, anapempha tiyi, n'kuyamba.

"Alamu, ndinakupatsani mlongo wanga kuti muzimudyetsa, osati azikuphikirani za kundende. Tamverani. Anthu a ku labu aja amati mowa umachoka m'thupi pang'onopang'ono, ola lililonse pang'ono. Ndiye akatenga 24 wanu uja n'kuwonjezera za maola awiri, akufikitsani pamwamba pa malire. Mwatha."

"Nanga nditani?"

"Masamu awo ali ndi mwendo umodzi. Amaima pokhapokha ngati simunamwenso ngozi itachitika. Inu mukanene kuti podikira apolisi mtima unkathamanga, munalowa m'golosale ya pamenepo n'kumwa katambula kamodzi kuti mukhazikike. Basi. Masamu onse agwa. Mwini golosale ndi mnzanga, wavomera kale kudzanena."

Makina osokera pakhonde anasiya kulira. Mayi aja analowa, ulusi uli pakamwa.

"Achimwene, mukufuna amuna anga akalumbire bodza?"

"Ndikufuna ana ako adye, mlongo wanga. Chilungamo sachithira mchere."

Mayiwo anayang'ana amuna awo, amuna awo anayang'ana pansi. A Kalachi sanavomere, komanso sanakane, ndipo alamu anatenga kukhala chete kumeneko ngati inde.

Masabata odikira mlandu anali owawa kuposa chitokosi. A Kalachi ankadzuka m'mamawa monga mwa chizolowezi, kusamba, kuvala, kenaka n'kukumbukira kuti alibe kopita. Ankakhala pakhonde kuthandiza kusomeka mabatani, chala chikubayidwa. Nthawi zina akazi awo ankawapeza atakhala pampando, phazi likuponda simenti mobwerezabwereza, ngati akuliyesa ngati likadali lawo. Za golosale sankazikamba. Zinangokhala m'nyumbamo ngati mlendo wosatsanzika.

Tsiku lina masana kunabwera namwino uja. Anali ataonda. Anakana mpando, anaima pafupi ndi khomo atafumbata chikwama.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzapepesa. Ntchito yanu yaima chifukwa cha ine. Munthu uja ndimamuona tsiku ndi tsiku m'wodi, amuika zitsulo m'mwendo. Ine amene ndimasamala anthu, ndine ndinamuthyola. Sindigona."

A Kalachi akanatha kunena kuti kuponda moto ndi kwa wophunzira aliyense, kuti buleki yachiwiri anaiikira zomwezo. Koma anakumbukira mlandu, anakumbukira kuti mayiyu adzakhala mboni, ndipo anangoti, "Zimachitika, mayi. Musadandaule." Namwino anapita akupukuta maso. Akazi awo, amene anamva zonse, anapondereza makina mwamphamvu mpaka singano inathyoka.

Tsiku la mlandu khothi linadzaza ndi anthu a milandu ina. Munkanunkha thukuta ndi polishi. A Kalachi anaima m'bokosi atavala jekete la ku ukwati wa mwana wawo. Kuchokera pamenepo ankaona onse: akazi awo kutsogolo, alamu pambali pawo, kalipentala atatsamira ndodo ziwiri, namwino kumapeto kwa benchi, ndi kumbuyo kwenikweni mwini golosale, atavala malaya ositidwa, akudikira kuitanidwa. Loya analibe.

Sajeni ananena zake. Namwino ananena zake, ndipo kawiri konse anati, "Ndine ndinaponda moto." Kenaka anaitana katswiri wa ku labu. Anali mayi wochepa thupi, wa magalasi, wolankhula motsitsa moti woweruza anachita kumuuza kuti akweze mawu.

Wozenga mlandu wa boma anamufunsa kuti afotokoze mmene mowa umachokera m'thupi.

"Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi chiwindi, bwana. Chimauchotsa pa liwiro lake. Kugona sikuchifulumizitsa, kusamba ayi, tiyi ayi. Munthu akhoza kudzuka akumva bwino, mowa ukadali m'magazi. Ndipo umene uli m'magaziwo ndi umene umaonekera mu mpweya."

A Kalachi anamva ngati mayiyo anali pakhonde pawo m'mawa uja. Sanayerekeze kuyang'ana akazi awo.

"Liwiro lake ndi lotani?"

"Limasiyana munthu ndi munthu, ngakhale munthu yemweyo tsiku ndi tsiku. Pa mawerengedwe amene timagwiritsa ntchito ku labu kwathu, nambala ya pa makinawa imatsika ndi 4 pa ola kwa ochedwa, mpaka 9 kwa ofulumira. Bambowa anauzira 24 patapita maola awiri. Ndiye pa nthawi ya ngozi anali pakati pa 32 ndi 42."

M'khothimo munamveka kung'ung'udza. Malire a 35 anali pakati pomwe.

Wozenga mlandu anamwetulira. "Koma mayi, munthuyu anauzira kawiri. Anachoka pa 24 kufika pa 17 mu ola limodzi. Liwiro lake tikulidziwa, ndi 7. Maola awiri ndi 14. Kuphatikiza 24, ndi 38. Mwana wa sukulu akhoza kuwerenga zimenezi."

"Akhoza, bwana. Ndipo mukanati tibetcherane, inenso ndikanaloza cha komweko. Koma ndalumbira kunena zimene ndikudziwa. Kuuzira kuwiri kokha n'kochepa. Makina amasiyanako pang'ono, kauziridwe ka munthu kamasiyananso. Nambala imodzi ikangophonya ndi ziwiri, liwiro lonse lasintha, ndiye cholakwikacho muchichulukitsenso kawiri."

Woweruza, bambo wa imvi wooneka wotopa, anavula magalasi ake.

"Mayi, khothi likufuna nambala imodzi. Anapyola kapena sanapyole?"

"Nambala imodzi ndilibe, bwana. Mwina anapyola, ndipo mbali yaikulu ikuloza komweko. Koma sindingatseke khomo lakuti anali pansi pang'ono." Kenaka anawonjezera. "Ndinenenso kuti zonsezi zikuima ngati bambowa anasiya kumwa usiku monga anawafotokozera apolisi. Ngati anamwanso ngozi itachitika, zimene ndawerengazi zilibe ntchito."

Alamu anatsokomola mokweza, chifuwa chochita kupanga.

"Woimbidwa mlandu," anatero woweruza, "muli ndi funso kwa mboniyi?"

A Kalachi anagwira thabwa la bokosi. Funso alamu anali atawalowezetsa mpaka m'maloto: nanga munthu atamwa katambula podikira apolisi, nambala singakwere? Linali pa lilime, lokonzeka. Anayang'ana kumbuyo, mwini golosale anagwedeza mutu pang'ono. Anayang'ana kumapeto kwa benchi, namwino anali atazyolika, akupotokola kansalu m'manja.

"Funso lilipo, bwana." Anatembenukira kwa katswiri uja. "Mayi, tinene kuti ndinali pa 32 pomwepo, pansi pa malire. Munthu wa pa 32, phazi lake likhoza kuchedwa?"

Katswiri anawayang'ana kwa kanthawi, ngati akufuna kutsimikiza kuti wamva bwino.

"Likhoza, bambo. Malire ndi mzere wa lamulo. Thupi limayamba kuchedwa munthu asanafike pamenepo, makamaka ngati sanagone mokwanira."

"Zikomo. Ndilibe lina."

Alamu anagwira kumutu ndi manja onse awiri.

Itafika nthawi yoti anene mbali yawo, woweruza anawachenjeza kuti sakukakamizidwa kulankhula. A Kalachi anati alankhula. Anafotokoza za mnzawo wa kumalole, za madzi ozizira ndi tiyi. Wozenga mlandu anawafunsa ngati anamwa kalikonse podikira apolisi.

"Ayi, bwana. Ngakhale madzi."

Kumbuyo kunamveka benchi ikukwekwesa. Mwini golosale anali akutuluka mwakachetechete.

"Ndipo mayi awa asadziimbe mlandu," anapitiriza a Kalachi, osayang'ana kumene kunali namwino. "Wophunzira kuponda moto si zachilendo. Ndinazigwirapo kosawerengeka. Tsiku limene lija ngozi ndinaiona nthawi ikadalipo. Phazi langa ndi limene linachedwa."

Chigamulo chinabwera masana, anthu atatopa ndi njala. Pa mlandu woyamba woweruza anati umboni wasiya mpata wokayika, ndipo pokayika khothi silimanga munthu. Pa wachiwiri anati woimbidwa mlandu wadzinenera yekha. Anawalipiritsa chindapusa, n'kuwalanda chilolezo chophunzitsa kwa chaka chathunthu.

Panja dzuwa linali la phwee. Alamu anawapeza pa masitepe.

"Alamu, ine ndaonapo anthu opusa pakhothi pano, koma wodzifunsa yekha funso lomumanga ndamuona lero. Mukanangokhala chete, mayi wa magalasi uja anali atakutulutsani kale!"

"Achimwene, tasiyani," anatero mlongo wawo. Anatenga jekete la amuna awo n'kulipinda pamkono. Sananene kuti achita bwino kapena achita zoipa. Anangoti, "Tiyeni, muli ndi njala."

Asanafike pa geti, namwino anawatsekera njira. A Kalachi ankaganiza kuti athokoza. Koma maso a mayiyo anali ofiira ndi mkwiyo.

"Munkadziwa. Tsiku lija ndinabwera kwanu, munkadziwa, n'kundisiya ndipite ndi katundu yense uja."

"Ndinkadziwa, mayi."

"Masabata onsewa osagona!" Anafuna kunena zina, kenaka anatembenuka n'kumapita. Ku sukulu ija sanabwererenso, ndipo a Kalachi sanamve ngati anadzaphunzira kwina.

Mwini sukulu sanawachotse ntchito, koma anawaika pabwalo: kutsuka galimoto, kuyeza mpweya wa matayala, kuphunzitsa zikwangwani za pamsewu m'kalasi. Malipiro anatsika, makina a pakhonde anayamba kulira mpaka usiku. Aphunzitsi achinyamata ankatuluka ndi galimoto yoyera ija iwo atagwira ndowa. Mowa anausiya, osati polumbira pamaso pa anthu, koma kuti fungo lake linkawakumbutsa kapaipi ka kupolisi.

Panapita miyezi asanalimbe mtima kupita kwa kalipentala. Anamupeza pa shedi yake kuseri kwa msika, atakhala pa mpando wautali, mwendo wowongoka uli pa chitsa, akupala thabwa. Njinga anali atasiya kukwera. A Kalachi anapereka moni, anadzitchula, ngakhale kuti sikunali kofunika.

"Ndakudziwani," anatero kalipentala osasiya kupala.

"Ndabwera kudzapepesa."

"Ndinamva kukhothi."

Zopalidwa zinkagwa pansi zopiringizika. A Kalachi anaima chomwecho, chipewa chili m'manja, osadziwa ngati akhale kapena azipita. Kalipentala anaunika thabwa lake ndi diso limodzi, analitembenuza, n'kulozera ndi chibwano mulu wa matabwa umene lole inatsitsa kunja kwa shedi.

"Mvula ikubwera iyo, ndipo ine kunyamula sindingathe. Ngati muli ndi nthawi, alowetseni. Aatali kumanzere."

A Kalachi anaika chipewa pa chitsa, anapinda manja a malaya, n'kuyamba ndi aatali.